Patuma Anasiya Yunivesite Ine Ndili pa Geti ku Doha

Tsiku limene dzina la Patuma linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite ndi lomwe ndinaganiza zopita ku Qatar. Patuma ndi mlongo wanga wamng'ono. M'mudzi mwathu, kuseri kwa Ntaja ku Machinga, panalibe mtsikana amene anafikapo pamenepo. Bambo athu a Saidi anali atamwalira kale, ndipo kabaza wanga sakanatha kumusunga mwana pa sukulu yotere. Ndinagulitsa njinga, n'kusaina kontrakiti ya zaka zitatu ya ulonda. Ndinanyamuka iye asanayambe n'komwe maphunziro.

Ku Doha anandiika pa geti la yunivesite ina. Kuyambira sikisi koloko m'mawa ndinkaima mu yunifomu, thukuta likutsikira m'nsapato, ndikuyang'ana makadi a ophunzira obwera m'magalimoto ozizira. Ambiri sankandiyang'ana kumaso. Ankangotulutsa khadi pawindo n'kunena kuti "yalla", kundifulumizitsa. Sizinkandipweteka kwenikweni. Ndinkadziuza kuti kwathu mlongo wanga ndi mmodzi wa otsegulidwira geti.

Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ku Najma, dera lina la mu Doha, mabedi osanjikizana. Malipiro akatuluka ndinkayenda wapansi kukatumiza ndalama. Lachisanu ndikachoka ku mzikiti, ndinkakhala pa masitepe a nyumba yathu n'kumamvetsera mauthenga a mawu amene Patuma ankatumiza pa foni.

Miyezi yoyambirira ankaseka. Ankandiuza za laibulale yaikulu kuposa sukulu yonse imene anaphunzirako. Kenako nkhani zinasintha.

"Achimwene, kuno akuti Chichewa changa chimanunkha Chiyao," anatero tsiku lina.

Mphunzitsi wina anamubwerezetsa katatu liwu la Chingelezi, kalasi yonse ikuseka. Ntchito za m'magulu zikabwera, ana ochokera ku sukulu zodula za ku Blantyre ndi ku Lilongwe ankasankhana okhaokha. Dzina lake ankalilemba kumapeto, koma pokumana sankamuitana. Mnyamata wina anamufunsa pagulu ngati kwathu atsikana amafika folomu folo, kapena ngati iye anachita kuthawa ukwati.

Ndinamuyankha zimene ndinkadziwa. "Pirira, mlongo wanga. Nanenso kuno ndikupirira." Ndinkaganiza kuti ululu wake ndi wanga ndi umodzi. Lero ndikudziwa kuti sunali umodzi. Ine ndinkavula yunifomu madzulo n'kubwerera kwa anzanga. Iye ankagona chipinda chimodzi ndi omusekawo.

Ndinamugulira laputopu yakale m'kashopu ka ku Najma, ndikuyesa kuti vuto ndi limenelo. Dalaivala wina wa ku Balaka amene ankapita kutchuthi anandinyamulira. Patuma anathokoza bwino. Zitatero mauthenga a mawu anatha, n'kumangobwera olemba. "Ndili bwino." "Zikomo, zafika."

A Phiri, mlonda mnzanga wachikulire wa ku Dowa, anaona mmene ndinkayang'anira foni. "A Yusufu, muimbireni mwanayo mumve mawu ake," anatero. "Zolembazi zimabisa zambiri."

Ndinaimba. Sanayankhe. Nditafunsa mayi, anati watanganidwa ndi mayeso. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Kontrakiti itatha ndinabwerera. M'sutikesi munali nsapato zoyera zimene ndinagula m'mashopu a ku Al Sadd ku Doha, zoti adzavale pa tsiku lolandira digiri. Ndinafika pakhomo masana, m'kati mwa sabata, nthawi imene sukulu zinali zotsegula. Patuma anali pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha nandolo. Anali atawonda. Mayi atandikumbatira analowa m'nyumba, osatulukanso.

Anali atasiya sukulu miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ndalama zimene ndinkatumiza mayi ankangozisunga osazikhudza, akuopa kundiuza.

Ndinakhala pa mpando moyang'anana naye. Sindinakalipe, mphamvu zake ndinalibe. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti analephera phunziro limodzi, ndipo pobwereza anayenera kukapempha gulu kwa anthu omwe aja. M'mawa wina anavala, anatenga mabuku, anafika pakhomo la kalasi, miyendo n'kukana kulowa. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi. Sabata itatha anakwera basi yobwerera kumudzi.

"Nanga kuno?" ndinafunsa. "Anthu akukulandira bwanji?"

"Kumeneko ndinali wakumudzi," anatero osakweza mutu. "Kuno ndine wa ku yunivesite. Ndikafika pa mjigo amayi amasiya kulankhula. Amalume akuti ananena kale kuti sukulu imeneyo si ya anthu ngati ife."

Ndinafuna kumulimbitsa mtima. Ndinamutchula dzina la ulemu, mmene kwathu timatchulira mwana wamkazi ndi dzina la bambo ake. "Abiti Saidi, ukhoza kubwereranso. Ine ndisainanso kontrakiti ina."

Manja ake anaima m'lichero.

"Achimwene, musanditchule choncho. Wina ku yunivesite analimva pa foni mayi akundiimbira. Kuyambira pamenepo ankalikuwa ndikangolowa kodyera, ena akuwomba m'manja. Ndikalimva pano thupi limazizira."

Zaka zitatu ndinaima pamaso pa anthu osandiona, ndikuganiza kuti kusankhana kotere ndi kwa m'dziko la eni. Kwathu kuno mlongo wanga anamuona bwinobwino. Anamva malankhulidwe ake, anaona mpango wake ndi nsapato zake, ndipo anasandutsa dzina la bambo athu kukhala nthabwala. Amene anachita zimenezi ndi ana a Amalawi anzanga, amene mawa adzakhala m'maofesi n'kumalamula za mudzi wathu.

Patuma anandiyang'ana koyamba chifikireni changa.

"Mukandifuna muzingoti Patuma," anatero. "Dzina la bambo lija lisiyeni lipume."