Kambalame Kanauluka, Nazale Yanga Inapsa

Anandithamangitsa pachitsime changa chomwe. Chitsime chimene ndinakumba ndi manja angawa, kudambo kwathu ku Mphamba. Chifukwa chake? Kambalame. Alimi anzanga a fodya, imvani zimene anandichita a Mtonga, eni lesitihausi ina ya pa boma la Lundazi, kuti mawa zisakugwereni inu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nazale yanga inali itamera bwino, mabedi anayi ophimbidwa ndi udzu, mbande zitangotulutsa timasamba ngati makutu a mbewa. Wolima fodya aliyense amadziwa kuti mbande zotere umathirira m'mawa ndi madzulo, ukadumphitsa wadzipha wekha. Ndipo chigwereni makopaletivu, chimanga chilibe wogula wodalirika. Kwathu fodya ndiye fizi ya ana, ndiye sopo, ndiye mchere.

Tsiku lina ndikutunga madzi ndinaona kambalame kachilendo m'matope a m'mbali mwa chitsime. Kotuwa, timiyendo titalitali, kosakwana ngakhale ndiwo ya mwana. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinangowachezera a Mtonga nkhaniyi. A Mtonga si munthu wamba kwa ine. Ndi ankhoswe a ukwati wanga, ndiwo anakandipemphera NyaZimba kwa makolo ake. Pakamwa pangapa ndi pomwe panandipachika.

M'mawa mwake anatulukira ndi mzungu wina amene ankagona kulesitihausi kwawoko. Mzunguyo atangoika magalasi oonera patali m'maso, anayamba kuwanong'oneza a Mtonga m'Chizungu. A Mtonga anandimasulira kuti kambalameko kwawo ndi kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kanasochera ndi mphepo, ndipo kuno sikanaonekepo. Mzungu uja liwiro ku positi kukaimba foni. Pofika Lachitatu magalimoto anali ndandanda kudambo, a ku Chipata, a ku Lusaka, ena a manambala a ku Malawi. Anthu akuluakulu ndi imvi zawo, kuwotcha petulo wonsewo chifukwa cha kanthu kamene mwana wanga akanagwetsa ndi legeni.

Apa ndi pomwe a Mtonga ananditengera pambali, NyaZimba ali pomwepo. Akuti ndisafike kuchitsime ndi makeni othirira, phokoso lake lithawitsa kambalame alendo asanakhute kukaona. Ndinafunsa za nazale yanga.

"Yayi adada, osadandaula," anatero. "Madzi nizabweletsa ine pa ngolo, m'mawa na m'madzulo. Mbande zanu ni zanga. Mlendo ni mame, sachedwa kukamuka."

Ankhoswe ako ungawauze kuti lumbirani? NyaZimba anandiponyera diso, koma ine ndinavomera.

Ngolo inabweradi. Inabwera ndi mipando, mahema, makireti a zakumwa ndi diramu limodzi la madzi. Nditafika ndi keni yanga padiramupo, wophika wa a Mtonga anandiuza kuti madziwo ndi a tiyi wa alendo ndi osamba m'manja, anga akubwera pa ulendo wachiwiri. Ulendo wachiwiri unabweretsa nkhuni. Wachitatu matiresi.

Ndinati basi, ndikatunge ndekha m'mamawa alendo asanadzuke. Ndinapeza chingwe chitamangidwa panjira, mlonda ali khale, chibonga pamwendo. Akuti abwana anena kuti munthu asadutse, usana ndi usiku, poti kambalame kamagona pomwepo. Ndinamufunsa ngati akumudziwa mwini chitsimecho. Anati iye amadziwa mwini malipiro ake. Ine ndi NyaZimba tinayesa kusenza ndowa kuchokera kumjigo wa kusukulu, mtunda wonsewo, koma dothi linkangomwa n'kuiwala.

Zimenezo n'zochepa. Chingwe chija a Mtonga anachidutsitsa m'mphepete mwa nazale, ndiye alendo onsewo ankaima pati? Pamabedi anga. Anaona udzu woyalidwa bwino, n'kuganiza kuti tawayalira iwo kuti nsapato zisade. Anazika miyendo ya makamera awo pomwepo. Ndikati ndikuwe, a Mtonga chala pakamwa, akuti ndithawitsa kambalame. Mayi wina wachizungu, wachikulire ndithu, anandigwira chanza n'kundithokoza chifukwa cha udzuwo. Iyeyo sindimuda, sankadziwa. Koma a Mtonga, mwana wa mlimi wa fodya, wokulira m'chigafa, sankadziwa chimene chimakhala pansi pa udzu wotere mu Okutobala?

Patatha sabata ndi masiku, kambalame kananyamuka osatsanzika, magalimoto nawo anatsatira. Anandisiyira zitini ndi maenje a mahema. Nditavundukula udzu, mbande zambiri zinali zitapsa, zotsalazo zitanyenyeka ndi nsapato. NyaZimba anangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Kuchoka kwakeko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinapalasa njinga kupita ku boma kawiri, a Mtonga osawapeza kulesitihausi kwawo. Ulendo wachitatu mtsikana wa pakauntala anati abwana ali pamsonkhano. Ine ndikuwaona pawindo, ali okha, akukukuta mwendo wa nkhuku. Msonkhano ndi nkhuku? Ndinakhala pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Pakhoma, pamaso panga penipeni, anali atapachika chithunzi cha kambalame kaja, chitsime changa chikuoneka kumbuyo kwake. Ndinamva ndi makutu angawa mtsikanayo akuuza mlendo kuti kanajambulidwa padambo la lesitihausi.

Atatuluka anandipatsa moni wa mano onse ngati palibe chachitika. Ndinawafotokozera. Anati ngolo inathyoka gudumu. Gudumu liti, poti ndinkaiona tsiku ndi tsiku ikututa nkhuni? Anati dzuwa si lawo, mbalame si yawo, zonse n'za Mulungu. Anatinso ndiyamike, chifukwa azungu tsopano akutchula dzina la mudzi wathu ku Lusaka. Ndinawafunsa ngati dzina limaokeredwa m'munda.

Sindinapemphe ndalama ayi. Ndinapempha mbande, poti iwo ali ndi nazale yaikulu kumudzi kwawo, ndipo anati okha kuti zanga n'zawo. Anandiyankha kuti zawozo zangokwanira munda wawo. Kenako anandiperekeza mpaka panjinga, n'kutsitsa mawu.

"Koma adada, kakabwelanso kaja, mubwele muniuze msanga. Osauza wina."

Mtima unandiwawa moti njinga ndinaikankha mpaka kutuluka m'tauni.

A Mtonga, ndikukufunsani anthu akumva. Zipinda zanu zinadzaza mpaka ena kugona m'mahema, madzi a nazale yanga munawaiwala bwanji? Munkaona alendo anu akuponda mabedi, munalephera bwanji kusuntha chingwe? Ndipo inu alimi anzanga, mukaona mbalame yachilendo kudambo kwanu, musauze munthu, ngakhale wodya naye mbale imodzi. Ombani m'manja iuluke, mupitirize kuthirira.

Mvula yagwa sabata yatha. Anzanga onse akuokera, nthawi yofesa nazale ina inapita kale, mizere yanga ili mbee. Dzulo a Mtonga atumiza uthenga. Akufuna aganyu ookera fodya m'munda mwawo, akuti ndikabwera ndi NyaZimba adzatipatsa mbande zotsala. Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti mawa m'mawa tikupita.