Makina osokera ochokera ku Joni

Tsikulo mvula inkawaza kuyambira m'mawa, ndipo pa depoti oitanira minibasi ankakuwa "Mzuzu! Mzuzu!" mawu atasasa. Ndinakwera chitunda kupita ku kanyumba kosungiramo zakale za matchona, amuna akwathu amene anapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale osabwerera. Anandiitana ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu mkazi wanga.

Munali masutukesi achitsulo, zipewa za kumgodi, galamafoni yosalira. Pakona ndinaona makina osokera a mkazi wanga. Ndinawazindikira ndi lamba wake, amene ndinalumikiza ndekha ndi waya. Pogawa katundu wa malemu, makinawo anapita kwa mlamuyo, amene anadzawapereka kunyumbayi.

Anawatumiza kuchokera ku Joni ndi mwamuna woyamba wa mkazi wanga, amene anatchona ukwati usanakhwime. Izi ndinkazidziwa pomukwatira. Chimene ndinali ndisanaonepo ndi chithunzi chimene anapachika pamwamba pake. Iye ali mtsikana, watsamira phewa la munthuyo, wa suti ndi chipewa chopendeka, akuseka mano onse pamtunda. Pa zithunzi zathu sanasekepo choncho. Pansi analembapo kuti, "Mkazi amene anadikira."

"Ada, mwaona mmene wakongolera?" anatero mlamu.

"Anadikira ndani?"

"Aa, alamu, alemba ndi eni nyumba ino. Alendo amakonda nkhani zotere."

"Nanga amene ankathira mafuta makinawa?"

Anaseka. "Inu ku Joni munapitako liti? Mukanalowa bwanji muno?"

Ndinachitira nsanje munthu amene sindinamuonepo, amene mwina anafera kutali wopanda womulira. Iye anachoka, ndipo anamupatsa khoma lonse pamodzi ndi mkazi wanga. Ine amene ndinakhala, ndikumuphikira phala m'chipatala mpaka tsiku lomaliza, dzina langa munalibe. Lamulungu kutchalitchi, titafika pa mawu okhululukira otilakwira, ine ndinawalumpha. Lamulungu linalo chimodzimodzi.

Koma chinthu china chinkandivuta: gudumu la makinawo linali litayamba dzimbiri, ndipo mkazi wanga sankalola zimenezo. Ndinabwererako ndi kabotolo ka mafuta. Eni nyumbayo anandilola. Nditapukusa gudumu, makina analira monga ankalirira pakhonde pathu, iye akusoka mayunifomu a ana athu. Kulira kumeneko munthu wa suti uja sanakumveko.

Mawu a pansi pa chithunzi sanawasinthe. Mlamu, eni nyumbayo, ndi awiri a pa chithunziwo, ndinawakhululukira.