A Makutu ndi Chikhomo cha Malire

Dzina loti a Makutu analitengera m'kashopu kawo kokonzera mawailesi. Anthu amati bamboyu ankadziwa matenda a wailesi asanaitsegule n'komwe, pongomva mmene ikulirira. Mawailesi atayamba kusowa m'nyumba za anthu, anagula makina akale ofufuzira zitsulo pansi: ndodo yaitali, chimbale kunsi kwake, kabokosi ka mabatani awiri ozungulitsa, ndi mahedifoni ovala m'makutu pomvera kulira kwake. Anayamba kupezera amisiri mapaipi okwiririka, ndipo nthawi zina makiyi kapena mphete zotayika m'madimba.

Akazi awo amawaseka kuti anakwatira mitala. "Ine moni wa m'mawa ndimachita kupempha, koma dothi la eni mumaligwadira."

Sankanama. Akafika pamalo, a Makutu sankathamangira kufufuza. Amatapa dothi, kulifikisa m'zala, kenako amakweza ndi kutsitsa chimbale pamalo opanda chitsulo, uku akuzungulitsa batani pang'onopang'ono mpaka kulira kwa makina kutazilala. Amati katondo ali ndi chitsulo chakechake, mchenga ndi wofatsa, ndipo dothi lonyowa ndi lolongolola. "Makina ayambe adziwana ndi mwini malo," amatero. "Apo ayi, azikunenera miseche tsiku lonse."

Ntchito imene inawalemera kwambiri inali ya pachibale. Mlongo wawo anamwalira n'kusiya ana aakazi awiri pa mapuloti oyandikana, wamkulu telala, wamng'ono namwino. Telala anafuna kumanga mpanda wa njerwa, ndipo ankati mtengo wa malalanje wa pakati pawo ugwere kwake. Namwino anakana. Nkhani inakula mpaka anasiya kupatsana moni, ana awonso analetsedwa kusewera limodzi. Chimene onse ankavomereza chinali chakuti malemu bambo awo anakhoma chikhomo chachitsulo m'malire, koma dothi linachimeza kalekale. A Makutu ankaopa kuti mpanda ukamangidwa mwa mkangano, ana a mlongo wawo sadzayankhulananso.

Anayambira kwa telala, pa katondo wouma. Anatchera makina mwa chizolowezi chawo n'kuyenda mizeremizere, chimbale chikusesa pafupi ndi nthaka. Anatola msomali, zitsekerero za mabotolo ndi supuni yopindika. Chikhomo ayi.

Atadutsa mtengo kulowera kwa namwino, makina anayamba kulira ngati mwana wobayidwa jakisoni, mpaka kumveka kunja kwa mahedifoni.

"Ndi pomwepo, amalume!" anafuula telala. "Kumbani! Si ndinanena kuti mtengowu ndi wanga?"

"Dikira, mwana iwe." Anasuntha chimbale uku, makina analira. Anasunthira uko, analiranso. "Kodi bambo ako anakhoma zikhomo munda wonse?"

Anagwada n'kutapa dothi. Linali lakuda, lonyowa, lodzaza timakala.

"Adokotala," a Makutu anaitana namwino, monga ankamutchulira akafuna kumuseka, "pano mumatayapo chiyani?"

"Phulusa la mbaula, amalume. Ndi madzi ochapira."

"Basi, makina anga mwawadyetsa zosokoneza m'mimba."

"Mukumukondera," anadandaula telala. "Alira zokomera ine, mwayamba kuwapotokola."

A Makutu sanapse mtima. Anavula mahedifoni n'kumuveka telalayo. "Iwe ukachoka pa nsalu ya diresi kupita pa jinzi, umasoka osasintha singano?"

Telala anatchera khutu. Amalume ake anakweza chimbale, kutsitsa, kukwezanso, akubweza batani, ndipo iye anamva yekha phokoso likuchepa mpaka kutheratu. A Makutu anachepetsanso mphamvu pa batani linalo kuti timakala tisamveke. Kenako anayenda naye limodzi, waya wa mahedifoni utawalumikiza ngati ng'ombe za pagoli. Pomwe makina analira poyamba paja panalibe kanthu. Anabwerera m'mbuyo, nadutsanso mtengo kulowera kwa telala, dothi likadali lakuda chifukwa mvula inakokololera phulusa mpaka kumeneko. Malo amenewo anawadutsa kale, koma ndi makina otcherera katondo.

Telala anaima mwadzidzidzi. "Amalume, bwererani pang'ono. Pali kamawu kakang'ono."

"Kakumveka ndikasesa mbali zonse ziwiri?"

"Eya. Sikakusuntha."

Anadziwa yekha tanthauzo lake, pakuti anali ataimirira mbali ya kwake, mtengo uli kwa mng'ono wake. Komabe anatenga khasu n'kukumba ndi manja ake. Chimene chinatuluka sichinali chikhomo cha kusitolo. Chinali chiwongolero cha njinga, chokhomedwa chozondoka, chadzimbiri, nyanga imodzi itapindika.

Namwino anagwira pakamwa. "Njinga ya ababa! Achemwali, si inu munaipinda pa ngalande ija?"

"Ine? Iwe ndiye unkandikoka diresi kumbuyo, ukulira ngati mbuzi!"

A Makutu anazimitsa makina n'kuyamba kupukuta chimbale, osayang'ana aliyense. Awiriwo anakanganabe za ngalande kwa kanthawi, koma mkangano wake unali wina.

Mpanda unamangidwa motsata chiwongolero chija, malalanje ali kwa namwino. Telala anauza mmisiri kuti asiye mpata wa chitseko pafupi ndi mtengowo, ati kuti nthambi zolendewera kwake asamazitolere kutali. Madzulo a tsiku lofufuzalo a Makutu anafika kwawo mawondo ali phulusa lokhalokha, ndipo akazi awo anangowayang'ana n'kufunsa ngati mkazi mnzawo, dothi lija, waswera bwino.