Penti ya geti pa motoka ya atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga Mervis anakwatiwa. Sindikonda kulikumbuka tsikulo, koma limabwera lokha.

Atate, ba Tembo, anali ndi motoka yakale yofiira imene anagula asanawachotse ntchito ku fakitale. Inkagona pabwalo pathu ku Nangongwe, ndipo dzuwa linali litaidya. Mabampa ake apulasitiki ndi mizere yapulasitiki ya m'mbali mwa zitseko zinali zitatuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola. Lamlungu lililonse tisanapite kutchalitchi atate ankandipatsa kansalu ndi oilo yakuda yochotsa mu injini kuti ndipake. Pulasitikiyo inkada n'kuwala, koma pofika kumsewu waukulu fumbi linali litamatirira kale.

Akuchimuna anatumiza mawu kuti abweretsa motoka yawo kuchokera ku Lusaka yonyamula mkwatibwi. Atate anakana. "Mwana wanga azakwela motoka ya tate wake. Sininafe ine." Kuyambira pamenepo sanakhalenso pansi. Ankaizungulira motokayo, kuigogoda, kuipukuta, kutukwana mabampa aja ngati akumva.

Kutatsala masiku ochepa anandituma kwa ba Mudenda, mdala wopenta mamotoka kuseri kwa msika, kuti ndikafunse penti yoyenera. Ba Mudenda sanasiye n'komwe chitseko chimene ankapala.

"Ija ya ba Tembo yamene mupaka oilo? Iwe mwana, pulasitiki yakumwa oilo siigwila penti. Muisuke na sopo mpaka manja yabwele yoyela, muikwese na sandipepa, muike pulayima yake, ija penti yoyamba ya pansi. Penti yake ni ija yosawala, yamene ipindika pamodzi na bampa. Elo iume bwino. Ngati ukwati ni pa Chiwelu, isiyeni chabe yotuwa."

Ndinathamanga kukanena zonse monga ndinazimvera. Ndinapeza atate atatulutsa kale chitini cha penti yakuda yowala imene inatsala popenta geti.

"Ba Mudenda bakamba ati siizagwila," ndinatero.

"Mudenda ndiye tate wako? Yakuda ni yakuda. Tenga bulashi."

Ndinatenga. Linali Lachisanu masana, kukutentha, fungo la penti likulowa mpaka m'khichini mmene azimayi ankakazinga nkhuku. Pentiyo inkathawa pa pulasitiki n'kusiya timaso ting'onoting'ono. Atate ankangoti wonjezera. Ndinawonjezera mpaka timaso tonse titakwiririka. Kunena zoona, inawala. Oyandikana nawo nyumba anabwera kudzaona, wina nati, "Ba Tembo, mwagula yanyowani?" Atate anaseka, koyamba mlungu wonsewo.

M'mawa wa ukwati ndinadina bampa ndi chala. Pamwamba panali pouma, pansi pali ngati phala. Ndinawaonetsa atate chala changa chakuda. Anachiyang'ana, anayang'ana kukhomo kumene amayi ankamanga maliboni, nati chapansipansi, "Pukuta. Usauze amako."

Popita zinayenda bwino, chifukwa amayi anaikumbatira diresi pamene Mervis ankakwera. Mapemphero atatha, wojambula zithunzi anafuna mkwatibwi pafupi ndi motoka. "Sisi, samilani pa chitseko, mumwetuleko!" Ndinakuwa kuti asatsamire, koma ndani angamve mwana pakati pa nthungululu? Mervis atachoka pamenepo, mzere wakuda unali utadutsa kumbuyo kwa diresi yoyera, kuchokera mbali ina mpaka ina. Nyimbo inaduka. Mayi wina wakuchimuna anabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mervis ankazungulira pamalo amodzi kufuna kuona kumbuyo kwake, ndipo ataona anayamba kulira. Kuphwando anapita atamanga chitenje m'chiuno, m'motoka ya ku Lusaka.

Atate anandikokera kuseri kwa tchalitchi n'kuvula lamba. Sanapite nane kutali, ankafuna kuti anthu amve. "Ndiwe unapaka! Iwe mwana sumvela!" Lamba linali ndi chitsulo. Azibambo ena anabwera kudzaleretsa, akuti basi mdala, ni mwana chabe, waphunzila. Palibe amene anafunsa kuti chitinicho anasankha ndani.

Sukulu ndinaisiyira mu giredi naini, ndipo imeneyo ndi nkhani ina imene sindikufuna kuikamba. Tsopano ndimapenta mabampa ndi magalasi am'mbali pafupi ndi msewu wa ku Lusaka. Anthu amabwera akuthamanga, wina ali ndi ukwati mawa, wina akufuna kugulitsa motoka lero lomwe, wina wanyamula penti yake yotsala ya mawindo. Ndimawauza kamodzi. Akalimbikira, ndimapinda manja n'kuwaonetsa njira. Amati ndine wamwano. Anene.

Mervis mpaka lero amauza ana ake kuti amalume anu awa anandionongera diresi. Amaseka akamanena. Atate amakhala pomwepo, akudya, maso ali m'mbale. Ndikumvetsa tsopano kuti munthu amene anatsala ndi motoka yokha sakanatha kusenza manyaziwo pamaso pa apongozi, ndiye anawatula pa wamng'ono amene anali pafupi. Kumvetsa ndamvetsa, kukhululuka sindinafikepo. Chimene ndinatolapo n'chakuti kunena zoona kamodzi n'kungokhala chete sikupulumutsa munthu. Pakamwa panga panakana, manja anga anavomera, ndipo tsiku la mlandu anthu amafunsa za manja.