Ng'ombe za Atelala

Pamsewu wonse uja panalibe munthu wa ng'ombe zambiri kuposa Atelala. Zinali zonenepa, zamawangamawanga, zosadziwa nkhupakupa, ndipo zonse zinkagona m'thumba la malaya awo, mkati mwa foni.

Foniyo anawagulira ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene ankagwira ntchito kutali. Anaigula mayi ake atangomwalira. "Ababa, mukasungulumwa muzindiimbira," anatero. Atelala ankaimbadi, koma mwanayo ankayankha monong'ona, "Ndili pantchito, ndikuimbirani ndikaweruka." Tsiku lina akudikira kuweruka kumeneko, chala chinaterereka nkugwera pa kagemu ka ulimi. Kamwana ka ng'ombe kanatulukira, kanawayang'ana ndi maso aakuluakulu, nkuti "mooo". Chimwalirireni akazi awo, palibe chamoyo chinawayang'anapo choncho. Basi, munthu anapita.

Shopu yawo inali kachipinda kamodzi ka zenera limodzi, koma munali makina awiri osokera: awo chakukhomo, a akazi awo chakukhoma. Kale makina awiriwo akamalira limodzi, ngakhale miseche ankachita kuikuwa. Tsopano makina a mayi anali ofunditsidwa nsalu. Pa makina a Atelala kangaude anamangapo nyumba, anakwatira, anabereka, mpaka zidzukulu zake zinayamba kukanganirana malire pa chopondera.

Ng'ombe za m'foni zinali ndi malamulo okhwima. Foni ikangoti "ting!" ndiye kuti mkaka wakonzeka, ndipo mlimi weniweni sachedwa. Thalauza la aphunzitsi ena linatuluka mwendo umodzi wofika kuchidendene, winawo wothera m'bondo, chifukwa "ting!" inalira sizasi ili pakati pa ntchito. Mayi wina analandira bulauzi yokongola zedi, yopanda polowetsa mutu. Makasitomala anayamba kulambalala ngati pakhomopo pali galu wachiwewe.

"Atelala, mwakama kale?" ankafuula mayi wa saluni yoyandikana nawo. "Tigawireniko wothira mu tiyi!"

"Sekani, mayi. Ulimi si wa aliyense," ankayankha osadzutsa mutu.

Koma pashelefu, pamwamba pa chitini cha mabatani, panali nsalu yoyera yopindidwa bwino. Ukwati wa mwana uja unali pafupi. Akazi awo ali gone m'chipatala anawagwira dzanja nkuti, "Diresi la mwanayu musadzalipereke kwa mlendo." Atelala analonjeza. Ndipo m'mawa uliwonse ankaiyang'ana nsaluyo nkuiuza kuti, "Ndingomaliza kukama."

Mwanayo atafika kudzayesa diresi, anapeza nsalu yosadula, bambo ake atatsala khosi lokhalokha mu kolala, chala chachikulu chokha ndiye chitanenepa.

"Ababa, diresi lili kuti?"

"Lili m'mutu muno, mwanawe. Latha kale. Kwatsala kusoka basi."

"Ting!"

Dzanja la Atelala linathamangira kuthumba lokha, osatsanzika nkomwe kwa mwini wake. Mwanayo anaigwira nsalu ija.

"Ndikupita nayo kwa telala wa pakona."

"Wa mazipi okhota uja? Undiphe kaye!"

"Ndiye tiyeni kuchipatala. Mukakana, nsalu yapita."

Adokotala anali mayi wodekha, ndipo sanatulutse jekeseni, zomwe zinawakhumudwitsa Atelala, poti munthu wa msinkhu wawo sayendera mafunso okha.

"Bambo, mumadya?"

"Ziweto zikadya."

"Ntchito ikuyenda?"

"Ya kukhola ikuyenda bwino kwambiri."

"Munayesapo kusiya?"

"Ndinayesa. Foniyo ndinaizimitsa nkuitsekera m'kabati. Koma ndinkazimva zikulira."

"Foni ili yozima?"

"Yozima, adokotala. Ng'ombe zanga zili ndi mawu."

Adokotala sanaseke. Anafotokoza kuti kusewera gemu pakokha si matenda. Vuto limabwera gemu ikalanda malo a chakudya, a ntchito ndi a anthu, munthu nkumaona yekha kuti zinthu zikuwonongeka koma dzanja osamumvera. Kumeneko ndiye kumwerekera. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga foni ikakhala chete, m'shopumo mumamva chiyani?"

Atelala anayang'ana chala chawo chonenepa chija. Nthabwala inakana kubwera.

"Ndimamva kuti makina a mayi ake uyu sakulira."

Mwanayo anazyolika.

Mankhwala akumwa panalibe. Adokotala anawauza kuti azibwera kudzacheza nawo, kuti nthawi ya ntchito foni izikhala ndi munthu wina, ndiponso kuti asamatandale okha.

"Nanga ng'ombe? Zifa ndi njala!"

"Ndizizidyetsa ine, Ababa," anatero mwanayo, nkuiponya foni m'chikwama chake.

Tsiku loyamba lopanda foni linali ngati la maliro. Atelala anasamutsa banja lonse la kangaude, anathira mafuta m'makina, anajambula nsalu ndi choko, koma dzanja linkangopitabe kuthumba lopanda kanthu.

"Wazikama?"

"Ndazikama, Ababa."

"Ya mphumi yoyera ija imakankha, usamale."

"Dulani nsalu, Ababa."

Anadula. Anaponda makina pang'ono, nkusiya. Chete uja analowa m'chipindamo nkukhala pampando ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mwanayo anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anavundukula makina a mayi ake, nkukhala pansi. Kusoka sankadziwa, ngakhale batani linkamugonjetsa. Anangoponda chopondera, makina opanda ulusi, opanda nsalu, akungolira chabe.

Atelala sanatembenuke. Anangoti mphuno fwee, nkunena kuti fumbi lachuluka. Kenako phazi lawo linayankha.

Masiku otsatirawo msewu wonse unagontha m'kutu. Mwana akusoka mphepo, bambo akusoka diresi. Mayi wa saluni anasuzumira nkufunsa ngati ng'ombe zagulitsidwa. Diresi linatuluka la manja awiri ofanana, polowetsa mutu palipo, zipi yowongoka ngati chilungamo. Pa tsiku la ukwati Atelala anayenda pambali pa mwana wawo akuyang'ana mpendero, ndipo amene anawaona akupukuta m'maso anauzidwa kuti ndi fumbi lomwe lija.

Ukwati utatha, mwanayo anabwera kudzatsanzika, mwamuna wake akudikira panja ndi zikwama. Anatulutsa foni.

"Ababa, ndinakunamizani. Sindinaitsegule ngakhale kamodzi."

Atelala anakhala pansi. Galimoto itachoka, anayatsa foni, atakonzeka kuona mitembo, makhwangwala, khola lonse lili bwinja.

Ng'ombe zinali zonenepa. Zinkabzikula mwamtendere. Kamwana kaja kanatulukira, kanawayang'ana ndi maso aakulu omwe aja, nkuti "mooo", chimodzimodzi ngati tsiku loyamba.

"Ngakhale kuwondako pang'ono?" anafunsa Atelala. "Mwaulemu chabe?"

Kang'ombeko kanaphethira, nkuti "mooo".

Anaiyang'ana foniyo kwa kanthawi. Kenako anatsitsa chitini cha mabatani, anaiika mkati, nkutseka. Anatenga thalauza la aphunzitsi lija, lomwe mwini wake analisiya mokwiya, nkuyamba kufunafuna nsalu yolumikizira mwendo. Makina a kukhoma sanawafunditsenso.

"Ting!" chinatero chitini, mabatani akunjenjemera.

Dzanja linanyamuka, linafika pakati pa ulendo, nkuima m'malere. M'chipindamo munalibe wowaletsa, munalibenso wowaona. Atelala anaponda chopondera. Makina amodzi okha analira, mawu ake ochepa kusiyana ndi chipindacho.

"Atelala, phokoso!" anakuwa mayi wa saluni, akumenya khoma.

Atelala anamwetulira pang'ono, nkuponda mwamphamvu.