Zilembo Kunsi kwa Asilikali

Wokonza mawotchi wina anasonkhanitsa tizidole ta asilikali kwa zaka makumi awiri, ngakhale maso ake sankasiyanitsa chobiriwira ndi chofiirira. Mkazi wake ndiye ankatilekanitsa monga nkhosa ndi mbuzi: tobiriwira pakati pa timitengo pamwamba pa kabati, tofiirira pamchenga m'munsi.

Maliro a mkaziyo atatha, iye anatipukuta tonse n'kutibwezera, mtima uli zii.

"Bambo, mwasakaniza magulu," anatero mwana wake wamkazi. "Awa aphana okhaokha."

Bamboyo anatola kachidole kamodzi kuti afunse mtundu wake, koma kunsi kwa phazi anaona mawu olembedwa ndi dzanja la malemu mkazi wake: "nkhalango". Pa kena: "chipululu". Ambuye sasiya munthu wopanda womutsogolera. Anakhala pansi osalira, nayamba kutembenuza kamodzikamodzi.