Chiheberi cha Achimwene mu Kompyuta Yanga

Kompyuta ija anandisiyira ndi mzungu wosamalira nyama ku Lukusuzi, yemwe ndinkamutaipira malipoti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Inali yachikale, yolira ngati chigayo, koma munali mawu a adada. Atayamba kudwala tinakawatenga ku Mphamba kuti adzakhale nafe pa boma, ndipo magetsi akakhalapo iwo ankayankhula, ine n'kumataipa: mayina a makolo athu, nyimbo za ingoma, njira imene anthu athu anadzera. Sindinasindikize chilichonse poti riboni ya pulinta inali itauma. Adada anamwalira mvula isanagwe.

Ndiye kunabwera achimwene, omwe ankaphunzira zaubusa ku Lusaka ndipo ankasunga maulaliki awo mu kompyuta yomweyo. Anafika ndi madisiketi omanga ndi labala, ati akufuna kuikamo Chiheberi kuti azilemba mavesi monga analembedwera, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ine pakamwa sindichedwa, ndinawafunsa ngati za adada sizisokonekera. Anandiseka, ati ndili ndi mantha ngati nkhuku, Chihebericho chingokhala pambali pake.

Anagwira ntchitoyo tsiku lonse, kulowetsa disiketi, kutulutsa, kumata timapepala ta zilembo pa mabatani. Atamaliza anandiitana. Zilembo zinkayendadi chobwerera m'mbuyo, ndipo ndisaname, zinandisangalatsa. Mpaka ndinawomba m'manja, kupusa kwangaku.

M'mawa mwake ndinafuna za adada zija. Mulibe. Ndinafufuza paliponse, mulibe. Achimwene anati makina akakalamba amatero, palibe wolakwa. Ndinalira, ndinawakhulupirira, ndipo ndinawapepesa powakalipira.

Sabata isanathe ndinawapeza akuwerenga pa kompyutapo ulaliki wawo wa Pasaka wa chaka chapitacho, wathunthu, osasowa ngakhale mzere. Ndinawafunsa kuti wawowo wapulumuka bwanji. Anakanda m'mutu, kenako anavomera kuti anzawo ku Lusaka anawachenjeza kuti Chihebericho chimayamba chafufuta zonse chisanakhazikike. Ndiye anakopera zawo pa disiketi ine nditapita kumsika. Anadziwa, munthu wa bere limodzi ndi ine, ndipo anandiseka akudziwa. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

"Nanga za adada, achimwene?"

"Mlongo, disiketi yopanda kanthu inali imodzi yokha."

Sanatembenuke n'komwe kuti andiyang'ane.